Chimbale chikakana kuimba: zomwe zimalakwika pobena ma CD ku Ulongwe

ULONGWE — Mkangano wake umayamba chimodzimodzi nthawi zonse. Munthu wapalasa njinga kuchokera kumudzi, mwina cha ku Domwe kapena kufupi ndi Lifidzi, m'thumba muli foni. Mu foniyo muli nyimbo zomwe kwaya ya kutchalitchi kwao idajambula itavutika nazo miyezi ingapo, kapena kanema wa ukwati wa mwana wake. Wafika pa kabanka ka mnyamata wa kompyuta pafupi ndi msika, wapereka ndalama, wadikira, ndipo wapatsidwa chimbale chonyezimira. Madzulo kunyumba abale ndi anansi asonkhana, chimbale chija chalowa mu deki. Deki yazunguza, yazunguza, kenaka yalemba mau awiri achingerezi omwe ngakhale agogo adawaloweza: NO DISC.

M'mawa mwake njinga ibwereranso ku Vila. Mwini chimbale akuti waberedwa. Mnyamata wa kompyuta achilowetsa m'makina ake, nyimbo ziyamba kumveka bwinobwino, ndiye akuti vuto ndi deki ya kumudziko. Onse awiri akunena zomwe adaona ndi maso, n'chifukwa chake mlanduwo sutha msanga. Koma apa zinthu zikadali bwino, popeza nyimbozo zilipo. Tsoka lenileni ndi pamene chimbale chakana ndi pa kompyuta pomwe, mnyamata adafufuta kale zomwe adakopera dzulo, ndipo mwini foni naye adafufuta kuti apeze malo, pokhulupirira kuti zonse zasungika. Kwaya ingathe kujambulanso nyimbo zake, koma za ukwati ndiye kuti zapita.

Chimbale sichikana popanda chifukwa. Zifukwa zake ndi zowerengeka, ndipo zambiri mwa izo munthu wosadziwa kompyuta angathe kuzigwira asanachoke pa banka.

Anthu ambiri a m'boma la Angónia adakhalapo ku Dedza ndi ku Ntcheu pothawa nkhondo. Atabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992, adabwera ndi mawailesi ndi makaseti a nyimbo za kutsidya, monga za Alleluya Band ya ku Balaka ndi za Lucius Banda, yemwe adamwalira mu 2024. Kaseti idali ndi ubwino umodzi: ikaduka ankailumikiza ndi selotepi, kuizunguza ndi cholembera, n'kupitiriza gule. Chimbale cha CD, chomwe makampani a Philips ndi Sony adatulutsa mu 1982, chidafala kuno m'zaka za m'ma 2000, pomwe makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito adayamba kupezeka ndipo anyamata adatsegula malo obenera nyimbo. Mau oti kubena amachokera ku liu lachingerezi lotanthauza kuwotcha. Pa Chipwitikizi amati gravar.

Lero ambiri amatenga nyimbo pa memole khadi, pa fulashi kapena pa WhatsApp, ndipo ntchito yobena zimbale idachepa kwambiri. Koma siidatheretu. M'nyumba zambiri muli madeki a DVD, magalimoto akale ochokera ku Japan ali ndi mawailesi olowa CD, ndipo kwaya ikafuna kupereka mphatso kapena kugulitsa nyimbo zake pakhomo pa tchalitchi imafuna chinthu chogwirika m'manja. Vuto ndi loti makina obenera omwe atsala ndi okalamba, ndipo anyamata ena atsopano pa ntchitoyi adakulira pa foni osati pa chimbale.

Kuti munthu amvetse bwino, ayenera kudziwa chimene chimachitika m'katimo. Chimbale chopanda kanthu cha mtundu wa CD-R ndi pulasitiki ya masentimita 12 kupingasa, ndipo m'kati mwake muli utoto wopyapyala ndi kansalu konyezimira. Kamoto ka kuwala kotchedwa laser kamawotcha timadontho pa utotowo motsata mzere umodzi wozungulira, kuyambira pafupi ndi chiboo cha pakati kupita kunja. Mzerewo utatambasulidwa ungapose makilomita 5. Pamene pawotchedwa pawotchedwa, monga chizindikiro cha chitsulo cha moto pa chikopa cha ng'ombe. Ntchito ikasokonekera pakati, kawirikawiri chimbalecho chatayika. Mtundu wina, CD-RW, womwe udabwera mu 1997, umafufutika ndi kulembedwanso, koma sunyezimira kwambiri moti mawailesi akale ambiri sauwerenga. Wogula chimbale cha RW poganiza kuti ndiye chapamwamba chifukwa n'chodula, angadabwe akafika kunyumba.

Cholakwika chofala kuposa zonse sichili m'makina ai. Chili pa funso lomwe silifunsidwa. Mnyamata wodziwa ntchito, asanagwire chilichonse, amayenera kufunsa kuti: Bambo, chimbalechi mukaimbira pa chiyani? Pali njira ziwiri zoikira nyimbo pa CD yomweyo. Yoyamba ndi Audio CD, yomwe wailesi iliyonse ya CD imaidziwa, koma imatenga mphindi 80 zokha, kutanthauza nyimbo zosafika 20 ngati zili zazitali ngati za kwaya. Yachiwiri ndi kuika mafailo a MP3 monga momwe alili, ndipo m'malo a 700 MB mumalowa nyimbo zoposa 100. Mnyamata akaika nyimbo 120 amaona ngati wachitira kasitomala chifundo. Koma ngati wailesi ya m'galimoto kapena ya kunyumba ndi yakale, yosadziwa MP3, pa nyimbo 120 zija siimba ngakhale imodzi. Mwini makina ayang'ane kutsogolo kwa deki kapena wailesi yake asananyamuke ulendo. Ngati palembedwa MP3, njira zonse ziwiri zitheka. Ngati sipadalembedwe, anene yekha kuti akufuna Audio CD, ndipo avomereze kuti nyimbo zochuluka zifuna zimbale ziwiri kapena zitatu.

Palinso msampha wina womwe uli mu Windows mwenimweni. Kuyambira pa Windows Vista ndi Windows 7, munthu akalowetsa chimbale chopanda kanthu kompyuta imafunsa ngati chikagwiritsidwe ntchito ngati fulashi, kapena ndi makina oimbira CD ndi DVD. Wofulumira amangovomera yankho loyamba. Chimbale chotere chimatseguka bwino pa makompyuta, koma madeki ndi mawailesi ambiri sachiwerenga. Uyu ndiye mwini mikangano yambiri ya mtundu uja, woti pano chikuimba, kumudzi chikukana.

Yankho lachiwiri nalo lili ndi khwekhwe lake. Mafailo akakokeredwa ku chimbale, Windows imayamba yawaika pambali kudikira lamulo lomaliza loti abenedwe. Pa kompyuta yomweyo amaoneka ngati alowa kale, maina onse ali pamndandanda, koma wina akatulutsa chimbale asanapereke lamulolo, kasitomala amanyamula chimbale chopanda kanthu. Pano sipafunika sukulu kuti munthu adziwe. Atembenuze chimbalecho, ayang'ane kunsi kwake pa kuwala. Pomwe pabenedwa pamasintha mtundu pang'ono, ndipo pamaoneka bwalo loyambira pakati. Ngati kunsi konse kuli mtundu umodzi ngati chatsopano, ayenera kufunsa bwino asanapereke ndalama, pokhapokha ngati chadzaza mpaka m'mphepete.

Chinanso ndi kutseka chimbale. Mapulogalamu obenera, monga Nero ya ku Germany yomwe anyamata ambiri adaphunzirirapo, amalola kusiya chimbale chosatseka kuti tsiku lina awonjezeremo zina. Makina ambiri oimbira akapeza chimbale chosatseka amasowa poyambira. Ubwino wake vuto ili limakonzeka popanda kugula china: chibwerere pa kompyuta ija ndipo chitsekedwe, ntchito ya mphindi zochepa.

Mafoni adabweretsa vuto lomwe kale kudalibe. Nyimbo yomwe wina wajambula ndi kutumiza ngati uthenga wa mau pa WhatsApp siikhala MP3, imakhala ya mtundu wotchedwa opus, ndipo mafoni ena amajambula mu m4a kapena amr. Mapulogalamu akale obenera amaikana, kapena amaidumpha mwakachetechete, ndiye pa nyimbo khumi za kwaya pamatuluka zisanu ndi ziwiri. Iyenera kusinthidwa kaye ndi pulogalamu yosinthira kuti ikhale MP3 kapena WAV. Ena amangosintha dzina la failo, kufufuta opus n'kulemba mp3 kumapeto. Uku n'kulemba kuti nyemba pa thumba la soya.

Tsopano za makina enieniwo. Aliyense amene adapitapo kuchigayo amadziwa kuti chimanga chiyenera kutsika mosalekeza. Makina obenera nawo ali ndi kankhokwe kakang'ono komwe kompyuta imathiramo zoti ziwotchedwe, ndipo kankhokweko kakauma laser imasowa cholemba. Pa makina akale kwambiri apo ndiye panali pothera chimbale, ndipo uthenga wake unkati buffer underrun. Kuyambira cha mu 2000 makina ambiri adayamba kubwera ndi chitetezo choti akhoza kuima ndi kupitiriza pomwe adalekezera, koma chitetezocho sichithandiza ngati gwero laduka. Kubena molunjika kuchokera pa foni yolumikizidwa ndi chingwe chotha, kapena pa memole khadi yomwe ikugwedera m'kabowo kake, ndi kuika ndalama za kasitomala pa juga. Mafailo akopedwe kaye alowe mu kompyuta, aimbidwe pang'ono kuti amveke ngati ali bwino, ndipo pobena mnyamata asiye kaye kuonetsa filimu ndi kukopera anthu ena atatu nthawi imodzi.

Magetsi akathima palibe chitetezo chilichonse. Chigawo cha Tete ndicho chili ndi damu la Cahora Bassa, koma izi sizitanthauza kuti nthawi ya mvula ndi mphenzi magetsi sangaphethire, ndipo kuphethira kwa kamphindi kamodzi n'kokwanira kuzimitsa kompyuta ya patebulo yopanda batire yothandizira. Apa laputopu yomwe batire yake ikadali yamoyo imaposa kompyuta yaikulu. Ogwiritsa ntchito sola kapena jenereta asabene pamene mphamvu yayamba kufooka madzulo, kapena pamene wina akufuna kulumikiza makina ometera pa waya womwewo.

Nkhani ya liwiro ndiyo anyamata safuna kuimva, chifukwa pa banka nthawi ndi ndalama. Pa zimbale zambiri pamalembedwa 52x, kutanthauza kuti chingathe kubenedwa mofulumira ka 52 kuposa momwe chimaimbira, ndipo chodzaza chimatha m'mphindi zitatu kapena kucheperapo. Koma makina otopa akathamanga chonchi timadontho tija timatuluka tosaoneka bwino. Kompyuta imatha kutiwerenga, pomwe wailesi ya m'galimoto yogwedezeka pa msewu wa fumbi imadumpha kapena kukakamira, makamaka pa nyimbo zomalizira zomwe zili cha kunja kwa chimbale. Pa liwiro la 16x chimbale chodzaza chimatenga mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, pa 8x mphindi khumi. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, ndipo mphindi khumi n'zochepa poyerekeza ndi ulendo wa njinga wobwereza. Mapulogalamu ambiri alinso ndi kabokosi kosankha kuti akamaliza awerengenso chimbale chonse ndi kuchiyerekeza ndi mafailo oyamba. Ambiri amakadumpha. Kasitomala wobweretsa chinthu chosabwerezeka ali ndi ufulu wopempha kuti kasankhidwe.

Fumbi la miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala limalowa paliponse, ndipo kagalasi ka laser n'kakang'ono ngati njere ya mphodza. Kakadetsedwa, kapena laser ikafooka ndi ukalamba, kompyuta imatulutsa uthenga woti power calibration error. Ambiri akaona liu loti power amathamangira kunena za magetsi. Si magetsi ai. Makinawo asanayambe kubena amayesa kaye mphamvu ya laser pa kamalo kapadera pafupi ndi chiboo cha chimbale, ndipo uthengawo ukutanthauza kuti mayesowo alephera. Wolakwa ndi kagalasi kakuda, laser yotha, kapena chimbale chosalongosoka. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, yomwe kuno kumapiri siichita masewera, chimbale chozizira chikalowa m'chipinda chofunda chimatha kuchita nthunzi, ndipo n'kwanzeru kuchisiya kanthawi chiume.

Njira yopezera wolakwa ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Ayese chimbale cha kampani ina pa makina omwewo. Chikatheka, vuto lidali zimbale zija. Chikakananso, atsitse liwiro. Zikakanikabe, apukute kagalasi mosamala ngati kakufikirika monga pa laputopu, kapena ayese makina obenera ena olumikiza pa USB. Wosintha zonse nthawi imodzi, ngakhale zitatheka, sadziwa chomwe chidakonza, ndipo mawa lake ataya zimbale zina. Adziwenso kuti m'makina amodzi laser ya CD ndi ya DVD ndi zosiyana, moti imodzi ingafe inzake ikugwirabe ntchito. Makina ena akale amawerenga DVD koma amabena CD yokha.

Zimbale zogulitsidwa chimodzichimodzi, zopanda chikuto, zimadutsa m'manja ambiri. Chala cha mafuta a mandasi kapena kokanda kamodzi kunsi n'kokwanira kusokoneza. Wogula ayang'ane yekha asanalipire.

Pali matenda enanso omwe amayenda ndi mafulashi, ochokera banka iyi kupita banka iyo. Ndi vairasi yomwe imabisa mafailo enieni n'kusiya zithunzithunzi zake, zomwe makompyuta a Chipwitikizi amazitcha atalho. Dzina limaoneka lomwelo, koma pakona pake pali kamuvi kakang'ono. Wobena zimenezi wabena chikwangwani cholozera njira, osati nyimbo. Kukula kwa failo ndiko kumaulula: nyimbo ya MP3 imakhala ya ma MB atatu, anayi kapena asanu, pomwe atalho ndi 1 KB kapena 2 KB basi. Chimbale cha nyimbo makumi asanu chikabenedwa m'masekondi ochepa, pali chokayikitsa.

Za kanema ndi zachidule koma zimadya ndalama zambiri. DVD wamba imatenga 4.7 GB. Kanema wa pa foni amakhala MP4, ndipo madeki akale ambiri samuwerenga akangoikidwa momwe alili. Ayenera kusinthidwa kukhala DVD-Video, yomwe imadziwika ndi foda yotchedwa VIDEO_TS, ndipo pa kompyuta yakale kusinthako kumatenga nthawi yaitali. Mnyamata akauza mayi wobweretsa kanema wa ukwati kuti apite kaye kumsika akabwere masana, sikuti ndi ulesi. Wokayikitsa ndi amene wamaliza kanema wa maola awiri madzi akumwa asanathe m'kapu.

Pambali pa zonsezi, kubena ndi kugulitsa nyimbo za oimba popanda chilolezo n'koletsedwa ndi malamulo mbali zonse ziwiri za malire. Kuno oimba ali ndi bungwe la SOMAS, ku Malawi kuli COSOMA. Makwaya a m'midzi amazimva okha kuwawa kwake: akagulitsa zimbale zochepa Lamulungu, sabata yamawa nyimbo zao zili pa memole khadi ya aliyense.

Chimbale chikabenedwa bwino, chiyesedwe pomwepo, ndipo osati pa kompyuta yomwe yachibena. Pa banka yolongosoka payenera kukhala deki kapena kawailesi ka CD koyesera. Aimbe nyimbo yoyamba, ina ya pakati, ndi yomaliza, kenaka awerenge ngati zonse zakwana. Ndipo mu foni musafufutidwe kanthu mpaka chimbalecho chitaimba kunyumba pa makina omwe chidagulidwira.

Ulendo wobwerera nawo umapha zimbale. Ambiri amasamala kunsi kokha, osadziwa kuti kumwamba, komwe amalembako dzina, ndiko kosalimba. Kansalu konyezimira kali pansi penipeni pa utoto wa kumwambako, moti bolopeni yolemba mokanikiza kapena pepala lomata likamatulidwa lingachotse nyimbo zonse za pamalopo. Alembe ndi cholembera chofewa cha inki. Dzuwa limawononga utoto wa m'kati, choncho kutsogolo kwa galasi la chapa kapena pa zenera si malo ake. Popukuta, nsalu yofewa iyende kuchokera pa chiboo kupita kunja, osati mozungulira.

Koma nkhawa yaikulu ili m'masutikesi ndi m'mabokosi a m'nyumba. Muli zimbale zobenedwa zaka 15 kapena 20 zapitazo: maukwati, ubatizo, ngoma ya Angoni pa mwambo wa mfumu, mau a makwaya omwe ena mwa oimba ake adatsikira kale kulichete. Utoto wa CD-R umafooka ndi zaka, makamaka pa kutentha ndi chinyezi, ndipo malaputopu atsopano ambiri sabweranso ndi polowetsa chimbale. Makina owerengera omwe atsala ku Vila akutha limodzilimodzi. Amene ali ndi zimbale zotere ndi bwino azipititse zikakopedwe pa fulashi kapena pa memole khadi pamene zikadawerengeka, makope awiri osungidwa malo osiyana.

Apanso pali msampha, ndipo ndi woipa kuposa ena onse chifukwa umapatsa munthu mtima woti wapulumutsa chuma chake. Audio CD ikatsegulidwa pa Windows imaonetsa maina onga Track01.cda, Track02.cda, mpaka kumapeto. Amenewa si nyimbo. Ndi tizizindikiro ta mabaiti 44 tongouza kompyuta pomwe nyimbo iliyonse yayambira pa chimbalecho. Wowakopera pa fulashi sanyamula kanthu. Nyimbo ziyenera kutulutsidwa ndi pulogalamu monga Windows Media Player, pogwiritsa ntchito lamulo lomwe pa makompyuta achingerezi limalembedwa Rip, kuti zisanduke MP3 kapena WAV. Kuti mwini wake atsimikize, apemphe mnyamata atulutse chimbale chija m'makina, achipereke m'manja mwake, kenaka aimbe nyimbozo kuchokera pa fulashi. Zikamveka chimbale chili m'manja, ndiye kuti zakopedwadi.